Utsi wa Ng'anjo za ku Rustenburg ndi Mapu Ouyerekeza

Kuzungulira mzinda wa Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, kuli migodi ikuluikulu ya pulatinamu. Miyala yokumbidwa kumeneko ili ndi salifa, ndipo poisungunula m'ng'anjo za ku Waterval, kufupi ndi Phokeng ndi ku Marikana, pamatuluka mpweya wotchedwa sulphur dioxide. Magalimoto ndi moto wa m'makomo zimaonjezera mipweya ya nayitirojeni. M'chaka cha 2012 boma la dzikolo lidalengeza kuti dera la Waterberg-Bojanala, momwe muli Rustenburg, lidziyang'aniridwa mwapadera pa nkhani ya mpweya.

Utsi umenewu umabwerera pansi m'njira ziwiri. Wina umasungunuka m'mitambo n'kugwa ndi mvula ngati asidi, pomwe wina umatera wouma pa masamba, pa dothi ndi pa madzi. Popeza sikungatheke kuika chipangizo choyezera m'munda uliwonse, akatswiri amagwiritsa ntchito ziyerekezo za pakompyuta monga AERMOD ndi CALPUFF. Amaiuza kompyuta kutalika kwa chumuni, kuchuluka kwa utsi, kayendedwe ka mphepo ndi kagwedwe ka mvula, ndipo iyo imajambula mapu oonetsa makilogalamu a salifa kapena nayitirojeni ogwera pa hekitala pachaka. Mapu otere amaoneka okhutiritsa, komatu ndi chiyerekezo chabe kufikira atafananizidwa ndi zoyezedwa pamalopo.

Kuyambira 2008 mpaka 2010, North-West University ndi University of Helsinki adayeza mpweya ku Marikana usana ndi usiku. Adapeza kuti sulphur dioxide amachuluka pansi m'mamawa dzuwa litatuluka. Chifukwa chake n'chakuti usiku mpweya wozizira umakhazikika pansi, ndipo utsi wa m'machumuni aatali umayandama pamwamba pake. Nthaka ikayamba kutentha, mipweya iwiriyi imasakanikirana, utsi uja n'kutsikira m'midzi ndi m'minda. Tsono chiyerekezo chingathe kulondola chiwerengero cha chaka chonse koma n'kuphonya maola ochepa a m'mawawa, chonsecho tsamba limawauka ndi mpweya wochuluka wa nthawi yochepa. Alangizi a ku Mufulira, kumene anthu a ku Kankoyo amautcha mpweyawu senta, akudziwa bwino za kuwauka kumeneku.

Mvula njosavuta kuyeza. Yosadetsedwa imakhala ndi pH ya pafupifupi 5.6, pomwe yotungidwa ku Amersfoort, Vaal Triangle, Skukuza ndi Louis Trichardt pakati pa 2009 ndi 2014 inali ndi pH ya pakati pa 4.3 ndi 4.9. Komabe malo anayiwa ali kunja kwa dera la migodi ya pulatinamu, ndipo mbali ina ya asidi ameneyu imachokera ku moto wotentha tchire.

Povuta kwenikweni ndi pa utsi wotera wouma. Umenewu sautunga m'chidebe. Amayeza kuchuluka kwake mumpweya, kenaka n'kuchulukitsa ndi liwiro lomwe akuganiza kuti umaterera nalo pa zomera. Njira zambiri zowerengera liwiroli zidapangidwa ku Ulaya ndi ku North America, kumene msipu suuma gwa kwa miyezi yambiri monga zimakhalira kumwera kwa Africa. Udzu wouma wa mu Ogasiti sulandira mpweya mofanana ndi tsamba lamoyo lonyowa ndi mame. Liwirolo likalakwika ndi theka, chiwerengero cha pa mapu chalakwikanso ndi theka.

Ngakhale mapu atakhala olondola, sanena okha ngati nthaka ikuonongeka. Pamsonkhano wa ku Skokloster ku Sweden m'chaka cha 1988, akatswiri adagwirizana pa ganizo la critical load, lomwe ndi mlingo wa asidi umene nthaka ingalandire popanda kuvulala. Mlingowu umasiyana kutengera dothi. M'chigwa cha pakati pa Rustenburg ndi Brits muli makande akuda ochokera ku mwala wa norite, odzala ndi calcium ndi magnesium, omwe amazimitsa asidi. Pamapiri a Magaliesberg, omwe UNESCO idawazindikira ngati malo otetezedwa a chilengedwe mu 2015, dothi ndi lamchenga, losaya, losachedwa kuwawasa. Utsi womwewo ungadutse pa munda wa mpendadzuwa wa pa makande osasiya chizindikiro, koma n'kukokolola mchere wa m'dothi la paphiri. Nayitirojeni wogwa kuchokera kumwamba ali ngati feteleza wosapemphedwa: amakometsa udzu wa mitundu ingapo, maluwa a m'thengo n'kumazimirira pang'onopang'ono.

Salifa payekha si mdani wa mbewu. Minda yambiri ya ku Malawi imamusowa, n'chifukwa chake feteleza wa chimanga wa 23:21:0+4S adapangidwa ali naye.

Mlangizi amene walandira mapu otere ayenera kufunsa malo ndi zaka zomwe adawafananiza ndi zoyezedwa, ndiponso ngati utsi wouma udawerengedwa. Poyesa nthaka, atape dothi pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, m'nyengo yofanana ndi pa kuya kofanana. Atapenso pa msipu wosathiridwa feteleza, chifukwa urea ndi ammonium sulphate zimawawasitsa dothi pazokha, ndipo m'munda wothiridwa kwambiri asidi wa feteleza amaphimba wa utsi.