Womasulira Wokhala M'kati mwa Pulogalamu

Kompyuta siimva cinenero ca anthu. Cimene imamva ndico manambala awiri okha, 0 ndi 1, ondandalikidwa m'njira zosiyanasiyana. Cifukwa cace mmisiri wopanga pulogalamu amayamba walemba malamulo ace m'mau oti munthu nkuwerenga, ndipo pambuyo pace pulogalamu yina, yochedwa compiler, imasandutsa mauwo kuti akhale manambala. Nchito imeneyi imacitika kamodzi, monga momwe buku limamasuliridwa ndi kusindikizidwa. Likatuluka m'makina osindikizira, palibe amene angaonjezemo mau.

Tsono pali funso. Ngati pulogalamu yatha kale kumasuliridwa, nanga mwana wa sukulu akalembamo malamulo aceace, amene mmisiri uja sanawaganizire, makinawo adzawamva bwanji?

Yankho lace ndi lakuti mmisiri amamangiratu womasulira m'kati mwa pulogalamuyo. Ku bwalo la milandu palibe amene amadziwiratu zimene mboni idzanena. Koma pokhala womasulira ali pomwepo, mau ali onse amafika kwa woweruza, ciganizo cimodzicimodzi. Womasulira wa m'makina acita cimodzimodzi. Poyamba awerenga zimene munthu walemba nazigawa liu ndi liu. Kaciwiri aona ngati mauwo atsata malamulo a cineneroco. Kacitatu, pa lamulo liri lonse aitana nchito imene inamangidwa kale m'pulogalamumo. Njira imeneyi imacedwa poiyerekeza ndi ya compiler, pakuti mau amamasuliridwa pulogalamu iri m'kati mogwira nchito. Koma imapatsa munthu wamba mphamvu yolamula makina.

Citsanzo coyenera aphunzitsi ndico cinenero ca Logo, cimene Wally Feurzeig, Seymour Papert ndi Cynthia Solomon anapangira ana ku America m'caka ca 1967. M'menemo mwana amalamula kamba amene amalemba mzera pamene akuyenda. Mwanayo akalemba FORWARD 100, kamba apita patsogolo mapazi 100. Akalemba RIGHT 90, atembenukira kumanja madigiri 90. Malamulo awiriwa akabwerezedwa kanai, patuluka cithunzi ca mbali zinai zofanana. Amisiri anaphunzitsa kamba kuyenda ndi kutembenuka kokha. Cithunzico ndi nzeru ya mwana. Cinenero cina, Lua, cinapangidwa ku Rio de Janeiro m'caka ca 1993 ndi colinga cakuti ciziikidwa m'kati mwa mapulogalamu ena, ndipo ciri m'masewera ambiri a pa kompyuta.

Koma khomo lolowera mlendo mbala nayonso ilowera pomwepo. Womasulira sasiyanitsa lamulo labwino ndi loipa. Acita monga kwalembedwa. M'mwezi wa March 1999 malamulo obisika m'kalata ya Microsoft Word, amene anachuka ndi dzina lakuti Melissa, anafalikira m'maiko ambiri. Munthu akangotsegula kalatayo, iyo inkadzitumiza yokha kwa anthu 50 oyamba m'ndandanda wa anzace, kotero kuti makampani ena anaimitsa makalata onse a pa intaneti.

Ndico cifukwa cace mmisiri wanzeru amazinga womasulira wace ndi mpanda. Amam'patsa nchito zowerengeka, nam'letsa kufafaniza zolembedwa za mwini makina kapena kutumiza makalata. Ena amaikanso malire a nthawi, kuti lamulo lobwereza kosalekeza lisagwire makina onse. Pulogalamu yowerengera masamba a pa intaneti imasunga malamulo a JavaScript m'mpanda wotere.

Mphunzitsi atolepo zinthu ziwiri. Kalata yosadziwika kumene yacokera ikapempha cilolezo coyendetsa malamulo ace pa kompyuta ya sukulu, iye akane. Ndipo cithunzi ca mwana cikapotoka, asafulumire kum'konzera. Amuimike pabwalo, mnzace aziwerenga malamulowo limodzilimodzi, iye nayenda monga kamba, osaonjezapo kanthu ka m'mutu mwace. Pamene phazi lace lidzapatuke, pomwepo ndi pamene pali colakwa, ndipo adzaciona yekha.