Nthenda Youmitsa Khosi: Muyeso Ukhale Umodzi

Pamsika tonse tidziwa kuti meda ya wogulitsa wina ikacepa kuposa ya mnzace, wogula ndiye alira. Nazo nyumba zopimiramo matenda, zochedwa malabotale, zifunika muyeso umodzi, makamaka popima nthenda youmitsa khosi.

Kamodzi mwa tizilombo tobweretsa nthendayi dzina lace ndi Neisseria meningitidis. Mitundu yace yoopsa ilipo isanu ndi umodzi: A, B, C, W, X ndi Y, ndipo katemera wa mtundu umodzi sachinjiriza munthu ku mtundu wina. M'zaka za 1996 ndi 1997 mliri wa mtundu A unagwira anthu oposa 250,000, nupha pafupifupi 25,000 m'maiko oyambira ku Senegal kufika ku Ethiopia. Katemera wa MenAfriVac, woyamba kuperekedwa ku Burkina Faso mu 2010, anaugonjetsa, koma mtundu C unabuka ku Niger mu 2015 ndi ku Nigeria mu 2017. Tsono labotale ikalakwitsa dzina la kacilombo, boma lingagule katemera wosayenera, ana namwalirabe.

Masiku ano akatswiri awerenga cibadwa ceniceni ca kacilombo, cochedwa DNA. Njira ya PCR ikazindikira ngakhale mankhwala atakapha kale. Njira ina, ya MLST, inayambika mu 1998 ndi Martin Maiden wa ku Oxford pamodzi ndi anzace. Iyo iyang'ana zigawo zisanu ndi ziwiri za DNA, ndipo banja lililonse la kacilombo lipatsidwa nambala yodziwika pa dziko lonse.

Komabe makina ndi manja a anthu zisiyana. N'cifukwa cace kuyambira 2002 bungwe la WHO, mothandizana ndi NICD ya ku Johannesburg, linayamba kutumiza tizilombo tofanana ku malabotale a mu Africa popanda kuulula dzina lace. Mayankho akasiyana, colakwa cionekera msanga, opimawo naphunzitsidwanso.

Nanga mbali yathu n'ciani? Nchito yonseyi iyamba ndi timadzi ta mumsana wa wodwala. Ambiri a ife tiopa dotolo akapempha kutenga timadziti, poganiza kuti nsinganoyo ndiyo ipha. Koma cimene cipha ndi kucedwa. Mwana akatentha thupi, mutu nuwawa kwambiri, khosi niliuma, tithamangire naye kucipatala tsiku lomwelo, ndipo tilole kuti apimidwe.