Timagetsi ta Khirisimasi tooda ku Dubai: kuyaka tikuyaka, nanga mvula ya kumudzi tipirira?

Anzanga amalonda, nyengo yooda timagetsi tokongoletsa ija yakwana. Amene muli kuno ku Dubai mwaona kale mmene makatoni ake achulukira ku Dragon Mart komanso m'mashopu a ku Deira ndi ku Naif. Kuno malonda amenewa si a Khirisimasi yokha ayi. Pali Diwali ya amwenye, pali 2 December pomwe dziko la UAE limakumbukira kubadwa kwake mu 1971, Chaka Chatsopano, Dubai Shopping Festival, ndiye Ramadan. Katundu ngwambiri, mtengo ngwabwino, ndipo akafika ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu kapena ku Kamwala sachedwa kutha. Ine ndimaoda chaka ndi chaka. Koma timakonda kukambirana za mtengo ndi dyute basi, za nyumba imene timagetsito tikapachikidwe sitikamba.

Nkhani yagona pa mvula. Mvula ya chaka chonse kuno ndi pafupifupi mamilimita 100. Ku Blantyre imeneyo imagwa mu December mokha n'kupitirira. Ndiye wa m'shopu akakuuzani kuti "awa ndi a panja", mwina sakunama, chifukwa kuno anthu amakulunga timagetsi pamitengo ya kanjedza ndi pamipanda miyezi iwiri popanda dontho. Panja pa ku Dubai si panja pa ku Ndirande. Musamvere pakamwa, werengani pabokosi.

Pabokosi kapena pakapepala kamene kamamatidwa pawaya pamakhala zilembo IP ndi manambala awiri. Nambala yoyamba ikunena za fumbi ndi tizinthu tolowa, yachiwiri ikunena za madzi. IP20 ndiye kuti ku madzi ndi ziro, amenewo ndi a pabalaza basi. IP44 amapirira madzi owazika kuchokera mbali iliyonse, ndipo ndi pamene a panja amayambira. IP65 amapirira ngakhale madzi a paipi, ndiye amene ndimaodera oika pampanda kapena pamtengo, popanda denga. Bokosi lopanda IP litengeni ngati la m'nyumba. Chenjezo lina: nthawi zambiri chingwe cha mababu chimakhala IP44, koma thiransifoma yake kapena kabokosi kosinthira kaphethiridwe kali IP20. Onani zonse ziwiri. Ambiri amapusitsidwa pamenepa.

Za mphamvu ya magetsi tili ndi mwayi. UAE, Malawi ndi Zambia onse ali pa 230V ndipo pulagi yake ndi yomweyo ya mano atatu. Otumiza ku Tete kapena ku Lichinga kumbukirani kuti kumeneko soketi zambiri ndi za mano awiri obulungira, pomwe ku Joni ndi mano atatu obulungira. Koma Dubai ndi msika wa dziko lonse, makatoni ena anapangidwira ku America, ndi a 110V kapena 120V. Amenewo mukawalowetsa pa magetsi a ESCOM amapsa pomwepo. Komanso pali tija ta mano awiri, tomwe anthu amalowetsa pasoketi potsegula bowo lapamwamba ndi chibonga cha bolopeni. Pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi mkati, ya mano awiri ilibe. Pa timagetsi fyuzi yoyenera ndi ya 3A, osati 13A ya ketulo.

Tsopano chachikulu, chimene ine ndimayang'ana ndisanafunse ndi mtengo womwe. Timagetsiti tili mitundu iwiri. Tina timatenga 230V kuchokera pakhoma n'kuyendetsa m'chingwe chonse. Tina tili ndi thiransifoma papulagi yotsitsa mphamvu kufika pa 24V kapena 31V, zimalembedwa pamenepo. Chingwe cha mtundu wachiwiriwu chikasupuka, mwana akagwira sizimupha. Cha mtundu woyamba chikasupuka, mwana ali chosavala nsapato pa nthaka yonyowa, ndi maliro. Totchipa kwambiri tija, ta waya wowonda ngati ulusi, nthawi zambiri ndi ta mtundu woyamba. Kusiyana kwa mtengo pooda ndi ma dirham ochepa chabe. Ine ta 230V sinditengera za panja, ngakhale abwana a shopu atsitse bwanji.

Musanalipire katoni, gulani kamodzi kaye. Kokani pang'ono waya pamene walowera m'pulagi ndi m'kabokosi kaja. Akagwedera kapena kusololoka, siyani. Kayatseni kuchipinda ola lathunthu, mugwire thiransifoma. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino, koma ikamatentha moti simungaigwire, kapena ikamanunkha pulasitiki, katundu ameneyo akakuyalutsani. Chizindikiro cha CE chokha chisakukhazikeni mtima pansi, aliyense akhoza kuchidinda pabokosi.

Katundu wafika, kasitomala wagula. Apa ndi pomwe tiyenera kutsegula pakamwa, chifukwa ambiri amangofika kunyumba n'kutuma mnyamata kuti akwere.

Choyamba atambasule chingwe chonse pansi, ayatse aone ngati palibe posupuka kapena babu losweka, kenako azule pulagi. Popachika, magetsi asakhale olumikiza. Asakhomere waya ndi msomali kapena kumupinda ndi kawaya ka chitsulo. Ma cable tie apulasitiki ndi tingowe tomata tilipo, ndipo n'topepuka, mukhoza kuoda limodzi n'kumagulitsa ngati seti. Ndiye nyumba zathu ndi zachitsulo paliponse: malata, ma burglar bar, geti, waya waminga pampanda. M'mphepete mwa lata ndi mpeni. Mphepo ya mvula ikamagwedeza chingwe usiku ndi usiku, lata limadula pulasitiki mpaka kufika pa kopa, basi denga lonse kapena geti lonse lili ndi magetsi, mwini wake osadziwa. Chingwe chidutse pathabwa la m'mphepete mwa denga, kunsi kwa khonde, kapena pachingwe cha nayiloni chomangidwa padera. Pampanda wamagetsi osayandikira n'komwe. Pamsasa wofolera ndi udzu ikani a LED okha, mababu akale aja amatentha.

Pokwera, ayang'ane kaye pamene waya wa ESCOM walowera m'nyumba, makwerero achitsulo asafike pafupi napo. Makwerero aime motsamira bwino: pa mamita anayi alionse okwera, miyendo yake italikire khoma mita imodzi. Nthaka ya dzinja imatitimira, aikepo thabwa pansi ndipo wina agwirire. Kukagwa mvula kapena kukachita mabingu, ntchito idikire.

Pa ekisitenshoni ndiye pali mavuto. Ija yoyera ya pa TV si ya panja. Anthu amaiika pansi pabwalo n'kuikulunga mu jumbo, eti aiteteza. Jumbo imasunga madzi, mapulagi amakhala ngati anyikidwa m'beseni. Polumikizira ponse pakhale m'nyumba kapena pakhonde, pamwamba, pomwe mvula ya mphepo sifika, apo ayi mugule kabokosi kotseka ka panja. Waya asanafike pasoketi atsike kaye pansi pang'ono kenako akwere, kuti madzi oyenda pawayapo adonthere pansi m'malo molowa m'soketi. Asapanidwe ndi chitseko kapena zenera lachitsulo. Ndipo zodula chingwe n'kulumikiza ndi tepi yakuda kuti chitalike, ayi ndithu. Zingwe zopangidwa kuti zizilumikizana zili ndi polumikizira pake, ndipo pabokosi amalemba kuti zisapitirire zingati.

Ena amaopa kuti timagetsi titha mayunitsi. Chingwe cha LED cha mababu 100 chimadya mawatsi asanu kapena kucheperapo. Zingwe khumi kwa maola sikisi sizifika ndi theka la yuniti lomwe. Chimene chimawotcha ekisitenshoni pa phwando si timagetsi, ndi kuphatikizapo firiji, zimasipika ndi ketulo pamodzi. Soketi imodzi malire ake ndi 13A, pafupifupi mawatsi 3,000, ndipo ketulo yokha imatenga cha m'ma 2,000.

Pali chinanso chimene chimabisa kuipa kwa katundu kuno. Malamulo a DEWA amafuna kuti bolodi ya nyumba ikhale ndi breaker yozimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi, ija amati ELCB kapena RCD. Ya 30mA imadula mofulumira munthu asanavulale kwambiri. Kwathu nyumba zambiri zakale kapena zowayalidwa ndi amisiri a m'makwalala zilibe. Auzeni makasitomala ayang'ane pabolodi ngati pali breaker ya batani lolembedwa T kapena Test. Akadina, magetsi azime. Ngati palibe, pali ma RCD olowetsa pasoketi. Ameneyo ndi katundu wina woti muike m'katoni, anthu akamva ntchito yake amagula.

Kuthimathima kwa magetsi nakonso muwakumbutse. Magetsi apita cha m'ma 7 koloko, anthu agona osathimitsa pakhoma, abwera pakati pa usiku kuli chimvula. Pogona kapena pochoka azule pulagi, basi.

A sola ndi abwino pabwalo chifukwa sakhudzana ndi ESCOM, kungoti masiku a mitambo sawala nthawi yaitali, muwauziretu kuti asabwere kudzabweza. Ngati muli mabatire a lithium, muuzeni ajenti wa kago musanapakire. Pa ndege ali ndi malamulo ake, mukabisa katoni yonse ikhoza kutsala.

Ndipo izi aliyense m'nyumba adziwe: munthu akagwidwa ndi magetsi osamugwira ndi manja. Thimitsani pa main switch, kapena mukankheni ndi mtengo wouma, kenako kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa shoko imasokoneza mtima.

Ine m'bokosi lililonse ndimaikamo kapepala ka Chichewa ka mizere isanu, ndipo a m'nyumba ndi a panja ndimawaika patebulo posiyana, mitengonso yosiyana, kuti wogula afunse yekha chifukwa chake. Mzere womaliza pakapepalapo umati January akamatha atsitse, aumitse, asunge m'katoni. Akasiyidwa padenga chaka chonse, dzuwa la October limaumitsa pulasitiki, December winayo waya amakhala atang'ambikang'ambika.