Chinsinsi cha shuga ndi mchere mu ORS

Mwana akatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, milomo kuuma ndi liwombo kulowa, achipatala amathamangira kapaketi ka ORS, komwe ambiri m'dziko muno amakadziwa ndi dzina loti Thanzi. M'kapaketimo mulibe zachilendo. Muli shuga wa mtundu wa gulukosi, mchere wa masiku onse ndi timichere tina tiwiri basi. Nanga zimatheka bwanji kuti madzi amenewa adzutse mwana yemwe madzi wamba akulephera kumuthandiza?

Yankho lili m'matumbo. Khoma la matumbo lidapangidwa ndi timaselo tambirimbiri, ndipo selo iliyonse idakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamafuta. Monga mafuta ophikira sasakanikirana ndi madzi, mchere ndi shuga zomwe zasungunuka m'madzi sizingadutse pakachikopaka pazokha. Zimadalira mapuloteni apadera omwe ali pakachikopapo ngati zipata pampanda, ndipo chipata chilichonse chili ndi katundu wake amene chimalola.

Ena mwa mapuloteniwa amagwira ntchito ngati pampu. Katswiri wa ku Denmark, Jens Christian Skou, adatulukira imodzi mwa mapampuwa mu 1957 ndipo adalandira nayo mphotho ya Nobel mu 1997. Pampuyi imagwiritsa ntchito mphamvu za thupi kutulutsa tizidutswa titatu ta sodiyamu m'selo, n'kulowetsa tiwiri ta potaziyamu. Sodiyamu ndi mbali imodzi ya mchere womwe timathira m'ndiwo.

M'maselo a matumbo, pampuyi imakankhira sodiyamu kumbali ya magazi. Kaamba ka ichi, m'kati mwa selo sodiyamu amakhala wochepa nthawi zonse, choncho yemwe ali m'chakudya amafunafuna polowera, ngati madzi amvula ofuna kotsetserekera.

Polowera pake ndi chipata china chotchedwa SGLT1. Chipatachi chili ndi lamulo lake: sichilola sodiyamu kulowa yekha, ngakhalenso gulukosi yekha. Chimatseguka pokhapokha tizidutswa tiwiri ta sodiyamu tikafika limodzi ndi kamodzi ka gulukosi. Wasayansi wa ku America, Robert Crane, ndiye adafotokoza za mgwirizanowu pamsonkhano wa mumzinda wa Prague mu 1960.

Mchere ndi shuga zikangolowa, madzi amatsatira pambuyo. Mayi aliyense amene adawazapo mchere pa tomato wodula amadziwa kuti posakhalitsa madzi amayamba kutuluka kulondola mcherewo. M'matumbo zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti madziwo amalowera m'magazi.

Kolera imasokoneza dongosololi. Kachilombo kake, Vibrio cholerae, kamatulutsa poizoni yemwe amachititsa chipata china chotchedwa CFTR kukhala chotsegula osatsekanso. Mchere umayamba kukhuthukira m'matumbo, madzi n'kumaulondola. Munthu wamkulu atha kutaya lita imodzi ya madzi pa ola limodzi, ndipo akapanda kuthandizidwa atha kumwalira pasanathe tsiku.

Mwayi wake ngwakuti poizoniyu sakhudza chipata cha SGLT1. Ngakhale matenda akule bwanji, chipatachi chimapitiriza ntchito yake malinga gulukosi ndi sodiyamu zilipo. Apa mpamene pagona mphamvu ya ORS.

Mu 1968 madotolo awiri, David Nalin ndi Richard Cash, adaonetsa mumzinda wa Dhaka kuti kumwa madzi a shuga ndi mchere kumathandiza kwambiri odwala kolera. Koma umboni waukulu udapezeka mu 1971, pomwe nkhondo ya ufulu wa Bangladesh idathamangitsira anthu miyandamiyanda ku India. Kumsasa wa othawa nkhondo wa Bangaon kudabuka kolera ndipo madiripi adatha. Dr Dilip Mahalanabis adayamba kusungunula shuga ndi mchere m'migolo, n'kuuza abale a odwala kuti azimwetsa okha odwala awo. Imfa zidatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse kufika pa anthu osakwana anayi.

Nkhaniyi si yakutali kwa Amalawi. Mliri wa kolera wa mu 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kutsegula m'mimba kudakali m'gulu la matenda omwe amapha ana ambiri osakwana zaka zisanu.

Koma chipata chija chimafuna muyezo. Shuga akachuluka kwambiri, wotsala m'matumbo amakoka madzi kuchokera m'thupi ndipo kutsegula kumangonyanya. N'chifukwa chake zakumwa za m'mabotolo zoziziritsa kukhosi sizingalowe m'malo mwa ORS: shuga ngwambiri pomwe mchere ngochepa. N'chifukwa chakenso mu 2002 mabungwe a WHO ndi UNICEF adachepetsa shuga ndi mchere m'kapaketika.

Malangizo a zaumoyo ngakuti kapaketi kamodzi kasungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala a klorini, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Ngati kapaketi palibe, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi zimathandiza paulendo wopita kuchipatala. Masupuniwo akhale osasefukira.

Mwana azimwetsedwa pang'onopang'ono. Akasanza, mayi adikire mphindi 10 kenaka ayambirenso. Kuyamwitsa kusalekeke, ndipo mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14 amafupikitsa matendawa. Koma mwana amene walefuka mpaka kulephera kumwa, kapena akuchita chimbudzi cha magazi, asagonekedwe pakhomo. Ameneyo akufunika kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo.