Kuyeza kulondola kwa GPS pa Nyanja ya Malawi

Kuyeza kulondola kwa GPS ndi ntchito yofufuza ngati malo amene chipangizo chikuonetsa akufanana ndi malo enieni pomwe sitima ili. Ntchitoyi ndi yofunika kwambiri kufupi ndi gombe, komwe kuli miyala ndi madzi osaya. Pa Nyanja ya Malawi imakhudza sitima monga Ilala, yomwe yakhala ikuyenda kuyambira mu 1951 pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba kudzera ku Likoma ndi Nkhata Bay.

Momwe GPS imapezera malo

Masetilaiti a GPS, omwe ndi a dziko la America, amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 m'mwamba. Setilaiti iliyonse imatumiza mafunde a wailesi onena nthawi ndi pomwe ili. Chipangizo cha m'sitima chimawerengera nthawi yomwe mafundewo atenga panjira, ndipo chimafunika kumva masetilaiti osachepera 4. Mafundewa amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kotero kuphonya nthawi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi kumasokoneza mtunda ndi mamita 300.

Zomwe zimabweretsa zolakwika

Mafunde amachedwa akamadutsa mumpweya wa m'mwamba. Ena amayamba agunda phiri kapena zitsulo za sitima asanafike pa mlongoti, ndipo m'magombe a mapiri masetilaiti ena amabisika. Mpaka mu Meyi 2000, boma la America linkasokoneza dala mafunde a anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Masiku ano chipangizo wamba chimaphonya ndi mamita ochepa chabe pamalo opanda zotchinga.

Vuto lina ndi la mapu. Mapu akale a Malawi anajambulidwa potsatira muyezo wa Arc 1950, pomwe GPS imatsatira WGS 84. Manambala a malo amodzi amatha kusiyana ndi mamita oposa 100 pakati pa miyezo iwiriyi, mtunda wokwanira kugundisa sitima pamwala.

Njira zoyezera

Akatswiri amaika chipangizo pa chizindikiro chokhazikika chomwe malo ake anayezedwa kale bwino, n'kuchisiya kwa maola angapo. Kusiyana kwa zomwe chaonetsa ndi manambala odziwikawo ndiko kulakwitsa kwake. Pa njira yotchedwa DGPS, siteshoni ya kumtunda imatumiza kusiyanako ku sitima kuti ikonze kawerengedwe kake nthawi yomweyo. Woyendetsa sitima amatsimikiziranso poyerekeza GPS ndi kampasi, nyali za padoko komanso makina oyezera kuya kwa madzi.

Ku Malawi, kuyeza nyanja ndi kujambula mapu ake ndi udindo wa Department of Surveys. Njira yoyambira pa chizindikiro chodziwika ndi yomwenso oyeza malo amatsata poika malire a minda kumtunda, monga kwa Msundwe m'boma la Lilongwe, komwe kuphonya mamita ochepa kungayambitse mkangano wa malire.