Masewera a Nthano: Kupeka N'kwina, Kufikitsa kwa Ogula N'kwinanso

Mlimi wa mtedza wa ku Mkanda kapena ku Kapiri, m'boma la Mchinji, amadziwa bwino lomwe kuti mtedza umene uli m'nkhokwe si ndalama ayi. Uyenera kuswedwa, matumba ayenera kugulidwa, mwini ngolo ayenera kulipidwa, ndipo pamapeto pake pali wogula amene amabwera ndi sikelo yake ndi mtengo wake womwe. Mlimi wosawerengera zonsezi asanabzale amakolola zochuluka koma n'kugona ndi ngongole.

Nzeru yomweyi ikufunika kwa achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akulingalira zodzilemba okha ntchito kudzera m'luso la kulemba ndi kujambula. Mwa zinthu zimene luso lotere lingabale muli mtundu wina wa masewera umene sunafale kwenikweni m'dziko muno, koma kumaiko ena wadyetsa mabanja, ndipo ena wawagwetsa m'mavuto. Awa ndi masewera a nthano a pa tebulo.

Kodi masewerawa ndi otani?

Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo kapena pamphasa. Mmodzi mwa iwo amakhala mtsogoleri wa nthano, ndipo ntchito yake ndi kufotokoza dziko limene nkhaniyo ikuchitikira pamodzi ndi zovuta zimene zili m'menemo. Otsalawo aliyense amatenga munthu wake wa m'nthanomo: wina mlenje, wina wosula makasu, wina mthenga wa mfumu. Mtsogoleri akanena kuti mtsinje wa Bua wadzaza ndipo adani ali m'mbuyo, osewerawo amasankha okha chochita. Wina akati asambira, amaponya dayisi, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo imaweruza ngati wawoloka kapena madzi amukokolola. Malamulo onse amakhala m'buku.

Mwana aliyense amene anaphikako masanje, wina nakhala bambo, wina mayi, wina fisi, wadziwa kale theka la masewerawa. Theka linalo ndi nthano za madzulo, kungoti pano omvera sangovomereza chabe koma amaithandiza nthanoyo kupeza njira yake. Motero kupeka masewera otere si chinthu chovuta kwa mwana wa Chichewa kapena wa Chingoni. Mavuto amayamba pamene wopekayo wafuna kusindikiza buku lake ndi kuligulitsa popanda kampani yomuyimira.

Mmene anayambira

Masewera oyamba a mtundu umenewu ogulitsidwa pa msika anatuluka mu Januwale 1974 ku Lake Geneva, tawuni yaing'ono ya m'chigawo cha Wisconsin ku America. Dzina lake ndi Dungeons & Dragons, ndipo amene anawapeka ndi Bambo Gary Gygax ndi Bambo Dave Arneson. Pa nthawiyo Bambo Gygax ankakonza nsapato kunyumba kwawo, ntchito ya ku kampani ya inshuwalansi itawathera. Kampani yaikulu ya masewera ya Avalon Hill itakana kuwasindikizira, iwo ndi mnzawo Bambo Don Kaye anakhazikitsa kampani yawoyawo ya TSR mu 1973. Koma ndalama sizinakwane kufikira atalowetsamo munthu wachitatu, Bambo Brian Blume, amene anabwera ndi mpamba. Anasindikiza makope 1,000 okha, lililonse timabuku titatu m'kabokosi, nalongedza ndi manja kunyumba, nagulitsa pa mtengo wa madola 10. Panapita pafupifupi chaka chathunthu kuti onse athe.

Malonda atakula, mavuto nawonso anakula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 madayisi a mbali zambiri amene masewerawa amafuna anasowa, kotero kuti kampaniyo inayamba kuika m'mabokosi pepala lolimba la manambala, loti wogula adule tizidutswa, aike m'kapu ndi kumatolamo mosaona. Kenaka, chakumapeto kwa 1996, kampani ya Random House imene inkawaperekera mabuku m'masitolo inabweza mulu waukulu wa mabuku osagulidwa. TSR inalephera kulipira osindikiza, ndipo mu 1997 inagulidwa ndi kampani ya Wizards of the Coast. Osewera analipo miyandamiyanda, nthano zinali zokoma ndithu, koma chimene chinagwetsa eni ake ndi masamu a kusindikiza ndi kutumiza.

Kudzisindikizira mabuku si kwachilendo kuno kwathu. Bambo Aubrey Kalitera anatulutsa mabuku awo awiri oyamba, A Taste of Business mu 1976 ndi A Prisoner's Letter mu 1979, kudzera ku kampani ya Heinemann ku Nairobi. Pambuyo pake anatsegula Power Pen Books ku Blantyre nayamba kudzitulutsira okha mabuku monga Why Father Why la mu 1982. Potero munthu mmodzi anasenza ntchito ya mlembi, ya wofalitsa ndi ya wofunafuna msika. Wopeka masewera amasenza zonsezi, n'kuonjezapo zithunzi, mapu, madayisi ndi bokosi.

Vuto loyamba: pepala ndi makina

Dziko lino limaitanitsa kunja mapepala osindikizira mabuku, inki ndi zipangizo za makina. Nkhalango ya paini ya Chikangawa, ya mahekitala oposa 50,000, inabzalidwa ndi cholinga chodzadyetsa fakitale yophika mitengo kuti isanduke zopangira mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe. Chifukwa cha ichi, mtengo wa buku umayenda limodzi ndi mtengo wa dola. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Munthu amene anauzidwa mtengo wosindikizira mu Okutobala chaka chimenecho, napita kukasonkhanitsa ndalama, anabwerera n'kupeza ndalama zake zafupika.

Palinso msampha wina m'kagwiridwe ka makina aakulu osindikizira. Ndalama zokonzera makinawo kuti ayambe ntchito ndi zofanana, kaya munthu akufuna mabuku 100 kaya 1,000. Choncho wosindikiza ochepa amalipira zambiri pa buku lililonse, pamene wosindikiza ochuluka amalipira zochepa pa buku koma amakwirira mpamba wake wonse m'makatoni. Makatoniwo akakhala kuchipinda chaka chimodzi, chiswe, chinyezi ndi makoswe zimayamba kuwerenga mabukuwo ogula asanawaone. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono buku la masewera lili ndi vuto lakelake. M'buku la nthano wamba, liwu limodzi likalakwika owerenga amangopitirira. M'buku la masewera, nambala imodzi ikalakwika malamulo onse amapotoka, ndipo cholakwacho chimakhala chitasindikizidwa m'makope onse.

Vuto lachiwiri: mtunda

Opeka masewera ambiri a ku America ndi ku Ulaya amapangitsa mabokosi, makadi ndi madayisi awo ku China. Kuyambira mu 2009 ambiri akhala akupeza mpamba kudzera pa Kickstarter, njira ya pa intaneti imene ogula amalipiriratu chinthu chisanapangidwe. Njirayi imaoneka yofewa, koma ili ndi minga. Ndalama zimalandiridwa lero, pamene katundu amatumizidwa patapita chaka kapena kuposerapo, ndipo mitengo siidikira munthu. Mu 2019 kunyamula kontena yaikulu pa sitima ya pamadzi kunkadya madola osafika 2,000. Pofika Seputembala 2021, mliri wa Covid-19 utasokoneza madoko, mtengowo unapitirira madola 10,000. Mu Malichi chaka chomwecho sitima yotchedwa Ever Given inatseka ngalande ya Suez kwa masiku asanu ndi limodzi. Mu Epulo 2025 boma la America linakweza msonkho wa katundu wochokera ku China kufika pa 145 peresenti, ngakhale kuti linautsitsa mwezi wotsatira. Nthawi zonsezi, opeka masewera ang'onoang'ono amene anali atalonjeza kale mtengo anayenera kusankha: kubwerera kwa ogula kukapempha zina, kapena kulipira za m'thumba mwawo.

Ngati zili choncho kwa okhala pafupi ndi nyanja, nanga kwa munthu wa pa Mchinji Boma? Malawi alibe doko. Katundu wake amatsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenaka n'kuyenda mtunda wautali kufika ku Lilongwe, ndipo kuchoka pamenepo patsala makilomita oposa 100 pa msewu wa M12. Pa chipata chilichonse pali mapepala ndi msonkho. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980 ndipo inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, koma njanji ndi bwenzi la katundu wa matani, osati la makatoni atatu a mabuku. Kunja kwa izi, dziko la Malawi silili pa mndandanda wa maiko amene anthu ake angatsegule okha pempho pa Kickstarter, ndipo ndalama zakunja zolipirira fakitale zakhala zikusowa m'mabanki m'zaka zapitazi.

Kutumiza kunja nako n'kowawa. Positi ofesi ndi makampani onyamula mitokoma amalipiritsa potengera kulemera ndi mtunda, ndipo pepala ndi lolemera. Buku lalikulu la chikuto cholimba, lotumizidwa pa ndege kwa wachibale wa ku Johannesburg kapena ku London, lingathe kudya ndalama zoposa mtengo wa buku lenilenilo. Mtokoma ukasochera kapena kunyowa, wotumiza ndiye amabwezera.

Phunziro la ku Nigeria

Komatu si onse amene mtunda unawagonjetsa. Ku Abuja, m'dziko la Nigeria, Bambo Kenechukwu Ogbuagu anakhazikitsa kampani ya NIBCARD Games, yopanga masewera a makadi ndi a pa bolodi. M'malo modalira mafakitale a kutali, anaphunzira kupanga masewera awo komweko, nayambanso kupangira opeka anzawo. Kuyambira mu 2016 akhala akuchititsa msonkhano wa masewera kumene anthu amabwera kudzasewera ndi kugula, ndipo anatsegulanso malo okhalapo anthu n'kumasewera. Mu 2021 kampaniyo inalandira mphoto ya Diana Jones, imodzi mwa mphoto zolemekezeka pa nkhani ya masewera a pa tebulo. Nzeru yawo inali yopangira pafupi ndi kuyamba aphunzitsa anthu kusewera asanawapemphe ndalama, pakuti munthu sagula masewera amene sakuwadziwa.

Njira imene ingatheke pa Mchinji

Wachinyamata wa pa Boma amene wapeka masewera ake ayenera kulola kuti mtunda umuuze kukula kwa buku lake. Kabuku ka masamba 16 kapena 24, ka zithunzi zakuda ndi zoyera, kangathe kutayipidwa pa kompyuta, kupangidwa fotokope ndi kumangidwa ndi sitepula. Makope makumi awiri ndi okwanira poyamba. Akatha, ndalama zake zipange ena. Madayisi a mbali makumi awiri ndi ovuta kuwapeza, koma dayisi wamba wa masewera a ludo amapezeka, ndipo zitsekerero za mabotolo zimagwa chafufumimba kapena chagada monga ndalama. Ngati TSR inagulitsa timapepala m'malo mwa madayisi, palibe manyazi kulemba malamulo odalira nthanga za maungu zodetsedwa mbali imodzi. Kwa ogula a kutali, bukulo lingatumizidwe pa foni ndipo malipiro n'kubwera pa Airtel Money kapena Mpamba. Apa mtengo wonyamulira umatheratu, ngakhale kuti wogula mmodzi angagawire anzake makumi asanu kwaulere.

Mchinji ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Kutsidya kwa chipata cha Mwami, chimene chinakhala cha ofesi imodzi ya maiko awiri mu Disembala 2022, kuli Chipata ndi Katete, kumene anthu amawerenga chilankhulo chomwechi. Chaka chilichonse mu Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, ndipo ambiri a kuno amadzera pa Mchinji pomwepa. Umenewu ndi msika wofikirika pa minibasi. Wofuna kuufikira akumbuke kuti ku Zambia amalemba "c" pamene kuno pamalembedwa "ch", ndiponso afunse kwa a kasitomu za msonkho asananyamule katoni. Safunsa anadya phula.

Pali malamulo ena oyenera kuwatsata. Buku losindikizidwa m'dziko muno liyenera kuonetsa amene alisindikiza, ndipo kope lake liyenera kuperekedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso kumatengedwa nambala ya ISBN imene masitolo a mabuku amafuna. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limathandiza pa za umwini wa zolemba ndi zojambula. Wojambula zithunzi za m'bukumo agwirizane ndi mlembi polemba pa pepala, ngakhale atakhala pachibale. Ndipo wotenga nkhani zake m'miyambo asamale: za ku dambwe zili ndi eni ake, ndipo si zonse zimene zingaikidwe m'buku logulitsa pa msika.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu pa ntchitoyi. Kalabu ya Chichewa kapena ya zisudzo ndi malo abwino oyesera malamulo a masewera asanasindikizidwe, chifukwa ana a Fomu 2 sachedwa kupeza pamene lamulo latsimphina. Mphunzitsi wa masamu naye akhale pansi ndi wopekayo, alembe mtengo wa pepala, wa fotokope, wa minibasi yopita ndi kubwera, gawo la mwini sitolo amene adzagulitse, ndi makope amene adzaonongeke kapena kutengedwa pa ngongole yosabwezedwa. Zonsezi azigawe ndi chiwerengero cha mabuku. Nambala imene ituluke ikakhala yoposa imene mwana wa sukulu wa ku Kamwendo kapena ku Waliranji angalipire, bukulo lichepetsedwe masamba, masamuwo achitidwenso, ndipo pokhapo wopekayo anyamule mapepala ake kupita kwa osindikiza.