MWANA WA MLENDO NDI NCHITO YA USILIKARI

Madzulo ano ndifuna tiganizire funso limene lisautsa mabanja ambiri a kuno kwathu, kumene ana abadwira m'komboni pamene atate ao anacokera kutsidya la malire. Kodi mwana wa mlendo ali wa dziko liti? Ndipo nkhondo ikabuka, adzasenzera yani mfuti? Mlandu wotere unaweruzidwa kale m'dziko la France, ndipo unayambira pakati pa anthu onga inu, okumba malasha ndi oomba nsaru.

Kumpoto kwa France kuli midzi imene inali ya migodi ya malasha, monga Lens ndi Liévin, ndi mudzi wa Roubaix wa nyumba zoombera nsaru. Malire a Belgium ali pafupi, tsono anthu a ku Belgium anali kuoloka kudzafuna nchito. Powerenga anthu m'caka ca 1886 anapeza alendo opitirira 1,100,000 m'France monse, ndipo oposa 400,000 mwa iwo anali a ku Belgium. Ambiri sanabwererenso kwao. Anakwatira, nabala ana, anawo nabalanso ana ao pomwepo.

Tsono mvetsani pamene panagona nkhani. France atagonjetsedwa ndi Prussia m'nkhondo ya 1870 ndi 1871, Boma linaika lamulo m'caka ca 1872 lakuti anyamata azipita ku usilikari. Anali kucita maere, ndipo amene maere anamgwera moipa anali kukhala kumeneko zaka zisanu. Koma lamuloli linali la nzika zokha. Inde, panali lamulo lina la 1851 lonena kuti mwana wobadwira m'France, amene atate wacenso anabadwira momwemo, ali nzika. Koma linamsiyira mpata wakukana atakula. Anyamata ambiri anadzera pa mpata umenewu, nanena kuti iwo ndi a dziko la agogo ao, dziko limene ena a iwo sanalipondepo konse.

Taganizani anyamata awiri okulira m'mzere umodzi wa nyumba, olankhula cinenero cimodzi, olowa mgodi umodzi. Wina atengedwa ku usilikari zaka zisanu. Mnzace atsala, alandira malipiro mwezi ndi mwezi, akwezedwa pa nchito, nakwatira. Eni nchito naonso anakonda kulemba mwana wa mlendo, podziwa kuti sadzacotsedwa pakati pa nchito. Kodi inu mukadakhala kholo la woyambayo, mtima wanu ukadakhala pansi?

Madandaulo amenewa anafika ku Nyumba ya Malamulo ku Paris, kumene akuluakulu analinso ndi nkhawa yakuti Germany ali ndi anthu ambiri kuposa France. Pa 26 June 1889 anatseka mpata uja. Kuyambira pamenepo, mwana wobadwira m'France amene atate wace anabadwiranso momwemo anakhala nzika cibadwire, wopanda mwai wakukana. Amene makolo ace anabadwira kunja anali kusanduka nzika pofika zaka 21 ngati akhalabe m'dzikomo, pokhapokha atakana yekha pamaso pa Boma. Mwezi wotsatira lamulo lina linacepetsa usilikari kukhala zaka zitatu.

Apa tiona cinthu cimene ambiri sacidziwa. Cimene cinatsegulira ana a alendo khomo la unzika sicinali cifundo cokha ai. Eni dziko anafuna kuti katundu wolemerayo asenzedwe ndi onse. Ndipo lamulo silinacize mitima msanga: m'caka ca 1892 ku Lens ndi ku Liévin anthu a kumigodi anaukira anzao a ku Belgium, nawaswera mazenera, kotero kuti mabanja ambiri anathawira kwao.

Koma unzika uli ndi mbali yacenso yokoma, ndipo anationetsa ndi anthu a ku Poland. M'nkhondo ya 1914 mpaka 1918 France anataya asilikari ngati 1,400,000, migodi nisowa anchito. Maboma awiriwo anapangana m'caka ca 1919, ndipo pofika 1931 m'France munali anthu a ku Poland ngati 500,000. Lamulo la 1927 linalola mlendo kupempha unzika atakhala zaka zitatu m'malo mwa khumi. Ambiri sanapemphe, poyembekeza kudzabwerera kwao. Nchito itacepa m'zaka za 1934 ndi 1935, zikwi za iwo anakwezedwa sitima za pamtunda nabwezedwa ku Poland. Wopanda unzika sanaitanidwe ku usilikari wa France, komanso analibe pogwira tsiku la tsoka. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka.

Mwa ana a iwo otsala munaturuka Raymond Kopa, wobadwa m'caka ca 1931 ku Nœux-les-Mines. Analowa mgodi ali mnyamata, napwetekako cala, koma pambuyo pace anamenyera France mpira, ndipo m'caka ca 1958 anasankhidwa katswiri woposa onse m'Ulaya.

Nanga wokhala nzika ya maiko awiri atani? France ndi Algeria anapangana m'caka ca 1983 kuti mnyamata wotere asankhe dziko limodzi lokagwirako usilikari, asasenze kawiri. Pambuyo pace lamulo la 1997 linaimitsa usilikari wokakamiza m'France, ndipo otsiriza anamasulidwa m'caka ca 2001. Koma cimene cinakhazikika mu 1889 cikalipobe: mwana wobadwira m'France, wa kholo lobadwiranso momwemo, ali nzika kuyambira tsiku lakubadwa kwace.

Abale anga, walira mvula walira matope. Iye wofuna kuti dziko limteteze ayembekezenso kuti tsiku lina dzikolo lidzamuitana. Ndipo dziko limene liitana mwana wa mlendo kuti alifere lisamuchenso mlendo nkhondo itatha. Ngati mwa inu muli kholo limene ana ace sadziwika bwino kuti analembedwa kuti, musadikire tsiku la mavuto. Pitani ku ofesi ya Boma mukafunse nthawi ikalipo.